Mmene ndinasiyanitsira mitundu ya Neoperla yofanana maonekedwe

Ku Africa, kuzindikira Neoperla, kachilombo ka gulu la stonefly komwe ana ake amabisala kunsi kwa miyala m'mitsinje yothamanga, sikuvuta: pakati pa maso aakulu pali timaso tiwiri tokha. Mutu umazungulira pofuna mtundu weniweni. Kwa zaka zambiri za ku Africa zinkangounjikidwa pa dzina limodzi, Neoperla spio, chonsecho mitundu yake ndi yambirimbiri.

Zitsanzo za Neoperla zomwe ndinalandira zinakhalitsa mu ethanol (sipiriti wosungiramo tizilombo) wa 70%, ndipo PCR, njira yochulukitsira DNA kuti ipimidwe, inkakana kaamba koti madzi ochuluka amawononga DNA. Zatsopano ndinaziika mu 96%, n'kusintha ethanolyo mawa lake, popeza madzi a m'thupi la kachilombo amamusukuluza.

Musanachite chilichonse, dulani mwendo umodzi wopimira DNA. Kenako dulani kumapeto kwa mimba ya kamphongo, muviike mu KOH (potassium hydroxide, mankhwala osungunula mnofu) wa 10% wosatenthetsa mpaka mnofu utafewa, mutsuke m'madzi, ndiye mufinye pang'onopang'ono ndi kapani wosongoka kuti kathumba ka m'kati mwa chiwalo choberekera katembenukire kunja. Mtundu umadziwika ndi mmene timinga ta pakathumbapo tayalidwira. Mukafinya mwaphuma kamaphulika, basi mwataya. Mukayamba ndi KOH, DNA ya mbali imeneyo yapita.

Kwa zazikazi ndimaona chikamba cha mazira okhwima: ena ndi osalala, ena ali ndi mizere.

Pa COI, chigawo cha DNA chozindikiritsa mtundu wa chamoyo, ndinagwiritsa ntchito ma primer (tizidutswa ta DNA toyambitsira PCR) a LCO1490 ndi HCO2198, omwe amatulutsa chidutswa chotalika 658 bp (ma base pair, muyeso wa kutalika kwa DNA). Chimenechi n'chomwe chinandilumikizira ana a m'madzi ndi amphongo odziwika kale. Dzina la "spio" lotuluka pa GenBank, nkhokwe ya pa intaneti yosungira zotsatira za DNA, sindilikhulupirira ndisanaone kathumbako.