Momwe mungapezere zilolezo zogonekera alendo m'nyumba yanu mu Blantyre

Kuika zithunzi za nyumba pa masamba a pa intaneti opezerapo malo ogona monga Airbnb kapena Booking.com si chilolezo. Mlendo akangolipira kuti agone usiku umodzi kapena sabata, mwayamba bizinesi yogoneka alendo, ndipo malamulo ake ndi osiyana ndi a lendi ya pamwezi.

Yambani ndi mapepala a nyumbayo. Ngati ndi yalendi, mwini wake avomere polemba kalata, osati pakamwa. Ngati ndi ya Malawi Housing Corporation, monga zambiri za ku Nkolokosa ndi Chinyonga, kuichititsanso lendi eni ake osadziwa kungakulanditseni nyumba.

Mukatero pitani ku khonsolo, ku Civic Centre ku Chichiri. Ambiri amakodwa pamenepa. Mapuloti ambiri ku Namiwawa, Nyambadwe kapena Sunnyside analembedwa kuti ndi okhalapo banja basi, choncho pemphani ku ofesi yoona mapulani a mzinda kuti akuloleni kusintha ntchito ya malowo. Nyamulani pulani ya nyumba, chikalata cha umwini wa malo ndi malisiti a city rates, chifukwa ngongole ya ku khonsolo imaimitsa fayilo. Chonde musagule mabedi kapena kugumula khoma yankho lisanatuluke. Akakukanani, mwina poti mulibe poimika galimoto mkati mwa mpanda, ndalama zanuzo zapita.

Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala yolipirira msonkho (TPIN) ku MRA, ku Msonkho House. Mapepala awiriwa adzafunika popempha laisensi ya bizinesi ku khonsolo komanso ya malo ogona alendo ku ofesi ya boma yoona zokopa alendo. Malaisensiwa amatha pakapita chaka, ndiye lembani tsiku lake poonekera.

Oyendera asanabwere, yang'anani nokha zimene iwo adzayang'ane: chozimitsira moto chimene tsiku lake silinapitirire, chimbudzi chogujumula bwino, bini yotseka, maneti osabooka, mawaya amagetsi osalendewera. Thanki yamadzi nayo ikhalepo, pakuti kumtunda mipopi ikauma mlendo sadikira, amangolongedza.

Mukatsegula, sungani buku lolembamo dzina ndi nambala ya chiphaso kapena pasipoti ya mlendo aliyense. Pa bilu musaiwale msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti, ndipo muziupereka m'nthawi yake. Mukafuna kugulitsa mowa, ngakhale wa m'firiji ya pabalaza, mubwererenso ku khonsolo kukatenga laisensi yake yapadera.