Popereka mu mpingo, dzina lanu lisamveke

Kwa atsogoleri a milaga ndi amayi a Mvano kuno ku Mulanje: tsiku la Paper Sunday, lekani kulengeza kutsogolo dzina la munthu ndi ndalama zimene wapereka. Zoona, njira imeneyi imatulutsa ndalama zambiri, koma imaononga mitima. Mayi wothyola tiyi ku esiteti akamva kuti mnzake waponya K20,000 anthu n'kumuombera m'manja, amakatenga katapila kuti asachite manyazi, kapena Lamulungu limenelo sabwera n'komwe. Wopereka zambiri uja naye amayamba kuperekera nthungululu. Hananiya ndi Safira, pa Machitidwe 5, sanafere kuchepa kwa chopereka. Ananama pofuna kuoneka ngati apereka zonse.

Gawani maenvelopu ofanana, opanda dzina. Ndalama aziwerenge anthu atatu, msungichuma alembe m'buku, mpingo umve chiwerengero chonse chokha. Mukatero palibe khobidi lingasowe.

Pokapereka chimanga kwa mayi wamasiye, pitani awiri basi, foni ikhale m'thumba. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, tazolowera kujambula wolandira atagwira thumba la ufa, ndipo chithunzicho chikayenda pa WhatsApp ana ake amasekedwa kusukulu. Ngati amene anatumiza thandizo akufuna umboni, jambulani katunduyo, nkhope ayi.

Musananyamuke dzifunseni: akapanda kundithokoza, kodi mwezi wamawa ndidzapitanso? Mtima ukakana, werengani Mateyu 6:1-4, mupemphere, kenako katunduyo mupatsire mnzanu akapereke osakutchulani.