Momwe Mphunzitsi wa pa Yunivesite Angadzutsire Mtima Woyambitsa Bizinesi mwa Ophunzira

Wophunzira akhoza kukhoza bwino mayeso a phunziro la zamalonda, koma n'kutuluka pa yunivesite alibe ngakhale pang'ono maganizo oyamba bizinesi yakeyake. Malangizo awa ndi a aphunzitsi amene akufuna kuti phunziroli lisinthe zolinga za ophunzira, osati kungodzaza makope awo.

Yambani ndi kumvetsa kumene cholinga chimachokera. Mu 1991, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu, Icek Ajzen, anafotokoza kuti munthu amatsimikiza mtima kuchita chinthu malinga ndi momwe iye amachionera chinthucho, zomwe akuganiza kuti anthu ofunika kwa iye anganene, ndiponso ngati akudziona kuti angachikwanitse. Kuphunzitsa kwa m'kalasi kumakhudza kwambiri mfundo yoyambayo, pamene ziwiri zotsalazo n'zimene zimafooketsa achinyamata ambiri.

Kuti wophunzira adzione kuti angakwanitse, ayenera kugulitsadi chinthu kwa munthu weniweni amene angathe kukana kugula. Pa Babson College, ku Massachusetts m'dziko la America, ophunzira a chaka choyamba amakhala m'magulu, amabwerekedwa mpamba ndi sukulu, ndipo amayendetsa bizinesi yeniyeni. Kuno kwathu izi n'zotheka popanda ndalama zambiri. Gawani kalasi m'magulu a anthu anayi kapena asanu, gulu lililonse lisankhe malonda amene lingathe kuchita pasukulu pomwepo, monga kusindikiza mapepala, kugulitsa mazira kapena kuchapa zovala za anzawo, ndipo lizilemba m'buku ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, kuphatikizapo ya pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Agwiritse ntchito nzeru ya katswiri wa maphunziro a zamabizinesi, Saras Sarasvathy, yoyamba ndi zimene munthu ali nazo kale, n'kuikamo ndalama zokhazo zimene atati aluza sangagwe nazo m'mavuto. Ndikulangiza mwamphamvu kuti malikisi aperekedwe potengera kasungidwe ka mabuku ndi kufotokoza moona mtima zomwe zinalakwika, chifukwa mukamayang'ana phindu lokha, ophunzira amabisa zolephera zimene zikanawaphunzitsa zambiri.

Nkhani ya makolo musaipeputse. Kholo limene linagulitsa fodya kapena mbuzi kuti lilipire fizi limayembekezera kuti mwana adzapeza ntchito ya mu ofesi, ndipo kwa ambiri geni imaoneka ngati ya munthu amene sukulu inamukanika. Choncho itanani omwe anaphunzira pa yunivesite yomweyo zaka zochepa zapitazo ndipo akudzilemba okha ntchito, adzafotokoze momwe anakambirana ndi abale awo, momwe analembetsera bizinesi ku boma ndi momwe anapezera nambala yolipirira msonkho (TPIN) ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Mpondamatiki wotchuka amasangalatsa kumumvera, koma wophunzira sadziona mwa iye.

Funsani ophunzira za zolinga zawo phunziro likamayamba ndi likamatha, ndipo musakhumudwe ena akabwerera m'mbuyo. Kafukufuku wa Hessel Oosterbeek ndi anzake ku Netherlands, yemwe anasindikizidwa mu 2010, anapeza kuti chidwi choyamba bizinesi chinatsika mwa ophunzira amene anayendetsako timakampani ta kusukulu, mwina chifukwa anaona okha kulemera kwa ntchitoyo. Sungani manambala a foni a omaliza maphunziro, ndipo pakatha zaka ziwiri muwaimbire kuti mudziwe amene anayambadi bizinesi, amene anasiya, ndi chimene chinawasiyitsa.