Mmene ndinathetsera phokoso la m'thanki nditaika hita ya dizilo m'vani

Hita ya dizilo, chipangizo chotenthetsera m'kati mwa galimoto, ili ndi kapampu kakekake kamene kamakoka mafuta pang'onopang'ono kuchokera m'thanki, ndipo kugunda kwake koti "tiki, tiki" ndi mmene kamagwirira ntchito. Koma m'vani yanga kugundako kunkayenda m'chitsulo n'kukakulira m'thanki ngati ng'oma, makamaka mafuta akachepa. Usiku tulo osabwera.

Ndinayamba ndi kapampuko. Ndinakamasula pachitsulo cha pansi pa galimoto n'kukakoleka pa labala wofewa, mbali yotulukira mafuta italoza m'mwamba pakati pa madigiri 15 ndi 35. Kupendekeka kumeneku musakupeputse, chifukwa kumathandiza kuti mpweya usatsakamire m'katimo. Kenako ndinatsata paipi yonse ya mafuta, ndipo paliponse pomwe inkakhudza chitsulo ndinaikapo labala n'kumanga bwino.

Phokoso linachepa, koma silinathe. Gwero lenileni linali kapaipi kachitsulo kolowa m'thanki. Timapaipi timeneti timabwera tatitali kuti mwini adule yekha, ndipo kanga kankagunda pansi pa thanki pampu ikangokoka. Nditakatulutsa ndinapeza kunsonga kwake kutanyezimira chifukwa chokhulana ndi pansipo. Ndinakadula kuti kalekeze pafupifupi masentimita atatu kuchokera pansi, n'kupala m'mphepete kuti tizitsulo tisagwere m'mafuta. Izi zili ndi ubwino winanso: hita siikoka zinyalala, komanso siingamalize dizilo yense n'kukusiyani panjira.

Tsopano kugunda kumamveka pokhapokha ukatchera khutu panja. Ndisanagonemo ndinaonetsetsanso kuti utsi ukutulukira kunja ndithu, ndipo ndinaika alamu ya carbon monoxide (mpweya wapoizoni wopezeka mu utsi) pafupi ndi bedi.