Momwe mungagonere m'makampu a umembala poyenda ndi RV ku America

Mukagula kapena kubwereka RV, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo, ndalama sizithera mafuta okha ayi. Usiku uliwonse pamafunika poimika, ndipo makampu amalipiritsa. Umembala umachepetsa ndalamazo, koma pokhapokha njira yanu ikamadutsa komwe kuli makampu a gulu lomwe mwalowalo.

Ndiye musanalipire kalikonse, yalani mapu. Lembani madera amene mukufunadi kupitako ndi masiku amene mugone panjira chaka chino. Mukagawa ndalama ya umembala ndi masikuwo, muona nokha ngati muli ndi phindu. Woyenda sabata imodzi pachaka asavutike n'komwe ndi umembala wodula.

Chachiwiri, dziwani kuti magulu si ofanana. Good Sam ndi KOA amangochotsera 10 peresenti pa mtengo wa usiku. Passport America imachotsera theka la mtengowo, koma kampu iliyonse ili ndi malamulo ake: ena salola kuchotserako kumapeto kwa sabata, ena pa tchuthi, ena amangolola usiku umodzi kapena uwiri. Harvest Hosts ndi ina ndithu. Mumagona pa famu kapena pamunda wa mphesa, kawirikawiri usiku umodzi wopanda magetsi ndi madzi, choncho RV yanu iyenera kukhala ndi chimbudzi ndi thanki yakeyake. Mwaulemu mumagulako kanthu kwa mwini malo.

Pofunika kudekha m'pa Thousand Trails, yomwe idayambira ku Chehalis m'boma la Washington mu 1969 ndipo ili ndi makampu pafupifupi 80. Kuno mumalipira pachaka, kenako n'kumagona osalipiranso usiku ndi usiku. Umembala wake woyambira umagawa dziko m'zigawo zisanu, inu n'kusankhapo chimodzi. Pa kampu imodzi mutha kukhala masiku mpaka 14, koma mukapitirira usiku unayi muyenera kukakhala kwina masiku 7 musanalowenso m'kampu ina yawo. Lamulo limeneli ndilo limapunthwitsa ambiri, chifukwa sabata imeneyo mumalipira nokha. Apa m'pamene Passport America kapena Harvest Hosts imathandiza kutseka mpatawo. Onaninso kuti makampu awo achulukira m'mbali mwa nyanja, kumadzulo ndi kum'mawa, komanso ku Texas. Pakati pa dziko mutha kuyenda mtunda wautali osapeza ndi imodzi yomwe.

A Thousand Trails akakuitanirani kukamvera za umembala wapamwamba, pitani mukamve, koma cholembera chikhale m'thumba. Ogulitsa ali ndi pakamwa pokoma, ndipo mapangano ena ndi a zaka zingapo. Funsani ndalama yapachaka, ngati imakwera, komanso momwe mungatulukire. Pali anthu amene amagulitsa umembala wawo wakale motchipirako, ngakhale pamakhala ndalama yosinthira dzina. Ine ndimati yambani ndi wa chaka chimodzi.

Kenako sungitsani malo msanga. Umembala woyambira wa Thousand Trails umalola kutero kutatsala masiku 60, ndipo nyengo yozizira ku Florida ndi ku Arizona kumadzaza ndi anthu othawa chisanu kumpoto. Posungitsa nenani kutalika kwa RV yanu ndi magetsi amene imafuna, 30 amp kapena 50 amp. Ngati ndi yakale yopitirira zaka 10, funsiranitu, poti makampu ena amayamba apempha chithunzi.

Fikani kukadawala. Kubwerera m'mbuyo ndi chigalimoto chachitali mumdima, mitengo ili mbali zonse, kumayambanitsa banja. Mukaimika, onani kuti yakhazikika mowongoka, apo ayi firiji sigwira bwino. Zimitsani swichi ya pamtengo wa magetsi musanalumikize chingwe, ndipo ikanipo kachipangizo koteteza magetsi akakwera mwadzidzidzi. Pampope ikani kochepetsa mphamvu ya madzi kuti mapaipi asaphulike.

Za chimbudzi nazo musazinyalanyaze. Vavu ya thanki yachimbudzi ikhale yotseka ngakhale mwalumikiza paipi yotayira. Mukaisiya yotsegula, madzi amapita okha, zolimba n'kuunjikana pansi n'kuuma. Idikireni itsale pang'ono kudzaza, itsegulireni, kenako mutsegule ya madzi otsukira mbale ndi osamba kuti atsuke paipiyo.