Zomanga fani direct zija tisiye abale

Kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare kwaulula zambiri. Magalimoto ali mbwee m'mbali mwa Seke Road ndi Simon Mazorodze Road, boneti yotsegula nthunzi ili tolotolo, ndipo ukasuzumira ambiri vuto lake ndi limodzi, fani ya ladiyeta inamangidwa direct. Thermo switch, kaswichi kamene kamayatsa fani injini ikatentha, ikangofa basi munthu wathamangira kwa amakaniko a ku Gazaland, mnyamata wadula waya walumikiza ku ignition wakulunga tepi, akuti zatheka mdala. Sizinatheke ayi.

Fani imeneyi imakoka moto wambiri, ma amp 15 kapena 20 si zachilendo, ndipo ikamadzuka imakoka kuposa pamenepo, nchifukwa chake opanga galimoto anaipatsa relay (swichi yamagetsi yonyamula moto wambiri) ndi fyuzi yakeyake. Inu moto wonsewo mwaudutsitsa pa kawaya kowonda ngati ka wailesi, kopanda fyuzi, kudzera mu ignition switch. Kamatentha pang'onopang'ono, pulasitiki nkusungunuka, tsiku lina mungoona utsi pansi pa dashboard. Fani nayonso ikuzungulira osapuma chiyambire m'mawa, ma brush a mu mota yake amatha msanga, ndiye imadzakuferani pa jamu masana dzuwa likuswa mtengo, pomwe mumaifunitsitsa. Mpaka liti chizolowezi chimenechi?

Bambo wina wakwathu amene amabweretsa tomato ku Mbare Musika anaika kaswichi kapamanja, amvekere ndimayatsa ndekha ndikaona geji yakwera. Tsiku lina ali pamzere wolowera injini ikulira, iwo kalikiliki kukambirana mtengo ndi ogula pawindo, kuiwala. Head gasket inapsa, ndalama ya tomato yense inathera kwa makaniko.

Komanso mukadula choncho mwapha ma speed. Ma Toyota ambiri a mafani awiri amawalumikiza motsatizana kuti agawane ma volt 12 nkumazungulira pang'ono, injini ikatenthetsa ma relay amapatsa iliyonse moto wonse. Magalimoto ena amagwiritsa resistor pochepetsa speed. Zonsezo mwataya ndi pulayazi imodzi.

Chochita nchachidule. Gulani switch kapena sensa yoyenera galimoto yanu, bwezerani relay potsata manambala a pa mapini ake: 30 ku batire kudzera pa fyuzi yoikidwa pafupi ndi batirelo, 87 ku fani, 85 ndi 86 nza switch. Waya ukhale wonenepa, earth yothina bwino. Fani ikazungulira ikani pepala kutsogolo kwa ladiyeta, lizikokedwa kulowa mkati, likamakankhidwa ndiye mwatembenuza mawaya. Galimoto zatsopano zomwe fani yake imalamulidwa ndi kompyuta kudzera pa module musadule kalikonse, pitani nayo kwa auto electrician wokhala ndi makina oyezera.