Momwe mungathokozere ogulitsa pamsika wanu

Mukagula mulu wa tomato pamsika wa ku Ulongwe, kuno ku Mozambique, mayi wogulitsayo amaponyamo awiri kapena atatu apamwamba. Basela ameneyo ndi zikomo wake poti mwagula kwa iye, osati kwa mnzake wapambali. Nanga ife ogula timabweza chiyani? Ambirife timangoti "tsitsaniko mayi", tikapatsidwa n'kutembenuka. Ngati inu ndi anzanu a kutchalitchi, a kuntchito kapena a pachipereganyu mukufuna kubwezako ulemu, yambani motere.

Choyamba, bwezani ngongole. Musaseke. Palibe mphatso imene ingakome kwa munthu amene dzina lanu likadali m'kope lake chifukwa cha nyemba zomwe munatenga mwezi watha. Mpamba wa ogulitsa ambiri ndi wochepa, ndipo ndalama yanuyo ndi imene akanapikulira katundu wa mawa.

Chachiwiri, funsani musanagule kanthu. Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya, chifukwa amagula zowasangalatsa iwowo, osati ogulitsa. Chigawo chathu cha Tete sichofanana konse. Pamsika wa Kwachena mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye mayi wa masamba amalira mthunzi ndi madzi owaza ndiwo zake kuti zisafote. Kumtunda kuno ku Angónia ndi Tsangano nkhani ndi ina. Wogulitsa mbatata ya kachewere amafika mbandakucha mu Juni chisanu chikuluma, ndipo mu Januwale mvula imamunyowetsera katundu. Wina afuna ambulera yaikulu, wina lona, wina benchi chabe poti wakhala pa njerwa zaka zambiri. Pitani awiriawiri, khalani nawo pansi, muwafunse chimene chimawavuta kwambiri pa tsiku. Mudzadabwa kuti zambiri n'zotsika mtengo.

Chachitatu, kaonaneni ndi mkulu wa msika. Misika ya m'matauni ili m'manja mwa khonsolo ya tauni (Conselho Municipal), choncho simungangokhoma mtengo kapena kuimika mgolo wa madzi popanda chilolezo. Mkuluyo adzakuuzaninso amene amaiwalika, monga osesa ndi anyamata onyamula matumba.

Chachinayi ndi ndalama. Sankhani msungichuma mmodzi ndi mboni ziwiri. Aliyense aponye zomwe angathe, kaya ndi 20 meticais kaya 100, pamanja kapena pa e-Mola ndi M-Pesa, ndipo zonse zolowa ndi zotuluka zizilembedwa pagulu la WhatsApp. Ngati zasonkhedwa zochepa, gulani chinthu chimodzi chothandiza mzere wonse. Kupatsa anthu atatu okha pamzere wa anthu makumi awiri ndi kufesa nsanje, ndipo inu mukapita iwo amatsala akuyang'anizana.

Chachisanu, sankhani tsiku. La 7 Epulo limakwana bwino, popeza ndi tsiku la amayi a mu Mozambique, lokumbukira womenyera ufulu Josina Machel yemwe anamwalira mu 1971, ndipo ogulitsa ambiri ndi amayi. Chitenje chimalandiridwa ndi manja awiri tsiku limenelo, koma chisakhale cha chipani chilichonse. La 1 Meyi, tsiku la ogwira ntchito, nalonso lili bwino. Fikani masana ogula atachepa, osati m'mawa malonda ali pakati. Zolankhula zikhale zazifupi, chifukwa mphindi iliyonse imene mayi waimirira kumvera inu, kasitomala wake akudutsa. Za zithunzi zoika pa Facebook, pemphani kaye, wokana musamukakamize.

Zotsalazo sizifuna komiti. Muzinyamula dengu kapena chikwama chanu kuti wogulitsa asawononge jumbo. Muzikhala ndi ndalama zosinthasintha, osati kutulutsa 1000 meticais pogula anyezi, mayi n'kuyamba kuzungulira msika wonse kufuna chenji. Kunenerera si tchimo, koma mukaona kuti mtengo wafika pamene anapikulira, lekani.

Ndipo dziwani mfunda wa amene mumagula kwa iwo. Kuno kwathu "zikomo" wouma amasiyana kutali ndi "zikomo aNaphiri" kapena "mwatithandiza aNgozo". Funsani kamodzi, musunge pamtima. Sabata yamawa mukabwera ndi mlendo, mupite naye pa benchi lomwelo, mumuuze kuti nyemba zabwino timagula kwa amayi awa.